Ufa wakuda, ufa woyera ndi dzuwa: mafunso ndi mayankho pa graphene woyeretsera madzi

Mafunso a nkhaniyi amachokera mbali ziwiri. Ena ndi a ophunzira sayansi amene apatsidwa mutu wa kafukufuku wodzaza mawu aatali achingerezi monga graphene, metal oxide ndi nanocomposite, ndipo akufuna wowamasulira m'chiyankhulo chakwathu. Ena ndi a anthu amene anamva pa wailesi kuti ku Kasiya kwapezeka rutile ndi graphite, kenako n'kuona pa intaneti kuti zinthu zochokera ku miyala iwiri yomweyi akuti zimayeretsa madzi ndi dzuwa lokha. Safunsa anadya phula. Mayina ena tawasiya dala m'Chingerezi, chifukwa ndi amene mukawapeze pa mabotolo a mu labotale.

Tiyambire poyambira: graphene n'chiyani?

Tengani pensulo. Kamtima kake kakuda kaja ndi graphite wosakaniza ndi dongo, ndipo graphite ndi kaboni yemweyo wa m'makala, kungoti maatomu ake anafola mwadongosolo. Mkati mwake ali ngati mulu wa timapepala tosanjikizana. Mukamalemba, timapepalato timatsetsereka n'kutsalira pakope. Mukapatula kapepala kamodzi kokha, kopyapyala mpaka kufika pa atomu imodzi, ameneyo ndiye graphene. Maatomu ake analukana m'timabwalo ta ngodya 6, monga waya wa khola la nkhuku. Kuti mulu wa timapepalati ufike milimita imodzi, pafunika timapepala pafupifupi 3 miliyoni.

Amene anakapatula bwinobwino n'kukayeza ndi Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a pa yunivesite ya Manchester ku England, m'chaka cha 2004. Chida chawo chinali selotepi: kumata pa graphite, kumatula, kumatanso, mpaka kutsala kapepala kamodzi. Mu 2010 analandira mphoto ya Nobel.

Pa nkhani yathu ino zofunika n'ziwiri. Magetsi amadutsamo mwaliwiro kwambiri. Ndiponso thupi lake lonse ndi khungu lokhalokha, palibe atomu yobisala mkati. Pa masamu, galamu imodzi ili ndi malo okwana masikweya mita 2,630 mukawerenga nkhope zonse ziwiri. Magalamu atatu okha aposa bwalo la mpira.

Nanga metal oxide ndi nanocomposite?

Metal oxide ndi chitsulo chimene chagwirana ndi okosijeni. Dzimbiri la pa khasu ndi la m'banja lomweli, ndipo ena a m'banjali mumakhala nawo m'nyumba osadziwa. Titanium dioxide ndi ufa woyera mbuu umene umayeretsa penti ndi mankhwala ena otsukira mano. Ulinso m'mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa, aja amadzola abale athu a khungu lachialubino. Zinc oxide ali m'mafuta opaka khanda likatupa ndi thewera. Palinso copper oxide wochokera ku kopa, tungsten oxide, ndi magnetite, mtundu wa iron oxide umene umakokedwa ndi maginito.

Nano ndi muyeso. Milimita imodzi muigawe ka 1 miliyoni, gawo limodzilo ndiye nanomita. Tsitsi limodzi m'lifupi mwake ndi mananomita pafupifupi 80,000, bakiteriya wa E. coli ndi wotalika pafupifupi 2,000, pamene timbewu ta ufa wa titanium dioxide wotchuka wa P25 ndi ta mananomita pafupifupi 21. Nanocomposite ndiye timbewu totere titamatiridwa pa timapepala ta graphene, ngati nthangala za chitowe zowazidwa pa tsamba.

Dzuwa limayeretsa bwanji madzi kudzera mu ufa?

Dzina la ntchitoyi ndi photocatalysis. Catalyst ali ngati nkhoswe: amachititsa kuti nkhani imene ikanazengereza ithe msanga, iye n'kubwerera kwawo ali momwemo, mawa n'kukathandizanso banja lina. Photocatalyst ndi nkhoswe imene siyamba ntchito pokhapokha kuwala kuigunde.

Mu 1972, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Tokyo anasindikiza zimene anapeza, zoti titanium dioxide akawalitsidwa ndi cheza cha UV, chimene maso sachiona, amathandiza kung'amba madzi kukhala okosijeni ndi haidrojeni. Mkati mwa kambewu ka ufa mumachitika izi. Cheza chikagunda ndi mphamvu yokwanira, elekitironi, kanthu kakang'ono ka mu atomu kamene kamanyamula magetsi, imadumpha pamalo pake n'kusiya dzenje. Yodumphayo ikafika kunja kwa kambewu imakwera pa okosijeni wa m'madzi n'kumusandutsa superoxide, mtundu wa okosijeni wolusa. Dzenje lija limatsala ndi njala ya elekitironi, ndiye limalanda ya madzi, ndipo potero pamabadwa kachidutswa kolusa kotchedwa hydroxyl radical. Kameneka sikasankha. Utoto, mankhwala opopera m'munda, zotsalira za mankhwala a kuchipatala, khungu la bakiteriya, chilichonse cha kaboni chimene chayandikira, kamachiluma. Ntchito ikafika pamapeto, chotsala ndi mpweya wa carbon dioxide, madzi ndi timchere pang'ono. Mawu oti "ikafika pamapeto" muwasunge, tiwabwererabe.

Zoti njirayi imaphanso majeremusi anazionetsa Tadashi Matsunaga ndi anzake ku Japan komweko mu 1985.

Ngati titanium dioxide wakhala akugwira ntchito kuyambira 1972, graphene akudzatani?

Titanium dioxide ali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, amasankha kuwala. Mtundu wake wakhama kwambiri, anatase, umafuna mphamvu ya 3.2 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya cheza), ndiko kuti cheza cha UV cha mafunde aafupi kuposa mananomita pafupifupi 390. Cheza chotero chimangofika magawo 4 kapena 5 pa 100 a mphamvu ya dzuwa yotsika pansi pano. Dzuwa la mu Okutobala ku Nsanje liswe mtengo bwanji, lambiri limangomudutsa osamudzutsa. Zinc oxide naye ndi chimodzimodzi.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Elekitironi ndi dzenje lake sizikonda kulekana. Zambiri zimabwererana m'kanthawi kosakwana gawo limodzi la magawo miliyoni a sekondi, mphamvu ija n'kungosanduka kutentha, ntchito osagwirika.

Apa graphene ali ngati wa kabaza woimika pakhomo penipeni. Elekitironi ikangotuluka, yakwera, yapita. Dzenje limatsala lokha ndi mpata woti ligwire ntchito, nayo elekitironi imakapeza okosijeni kutsogoloko. Phindu lina ndi lakuti utoto ndi mankhwala ambiri nazonso zili ndi timabwalo ta ngodya 6, choncho zimagona bwino pa graphene n'kumatirira. Zimenezi n'zofunika chifukwa kachidutswa kolusa kaja n'ka moyo waufupi kwambiri, sikapita patali, ndiye chakudya chake chiyenera kubwera pakamwa. Komanso timapepalati timaletsa timbewu kuundana m'zibuluma.

Pali phindu lina limene olemba amakonda kulitamanda, loti pamene titanium walumikizana ndi kaboni kudzera mwa okosijeni, ufawo umayamba kumvanso kuwala kooneka ndi maso. N'zoona kuti malire amasuntha. Koma amasuntha pang'ono, ndipo mwa kuona kwathu ili ndi laling'ono pa onsewa. Ofuna kuwala kooneka ndi maso amatembenukira kwa tungsten oxide kapena iron oxide, amene mwachibadwa safuna mphamvu yochuluka chotero, ngakhale aliyense ali ndi ulesi wakewake.

M'mapepala ndikuona GO ndi rGO. Ndi graphene yemweyo?

Ndi achibale, koma si iye. Ndi selotepi simungadzaze ngakhale kasupuni, komanso graphene weniweni amadana ndi madzi, sasakanikirana nawo. Choncho akatswiri amadzera njira ina, yakale kuposa dzina loti graphene. Benjamin Brodie anaiyamba mu 1859, ndipo William Hummers ndi Richard Offeman anaikonza mu 1958. Amathira graphite mu asidi wa sulfuric waukali pamodzi ndi potassium permanganate. Okosijeni amalowa pakati pa timapepala, amatitupitsa, ndipo tikagwedezedwa m'madzi timabalalika. Ameneyo ndiye graphene oxide, GO. Madzi ake amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Amasakanikirana bwino ndi zinthu zina, koma magetsi sadutsamo.

Kuti magetsi ayambenso kudutsa, amachotsa gawo la okosijeni uja ndi kutentha, ndi hydrazine amene ndi poizoni, kapena ndi vitamini C. Ufa umada bii, ndipo umatchedwa rGO. Waya uja wabwerera, koma wong'ambikang'ambika, wa zigamba. Dziwani kuti mapepala ambiri olembedwa "graphene" pamutu, mkati mwake muli rGO. Ziwerengero zodabwitsa za graphene wa ku Manchester musazisamutsire kwa iye.

Amazilumikiza bwanji, ndipo amathira wochuluka motani?

Njira yofala ndi yophika. GO, ufa wa oxide, madzi ndi ethanol amazitsekera mu kamphika kachitsulo kokutidwa ndi Teflon mkati, n'kuziika mu uvuni pa madigiri 120 mpaka 180 kwa maola angapo. Kutenthako kumachita ziwiri pakamodzi: kumasandutsa GO kukhala rGO, ndipo kumamata timbewu pa timapepala. Ndi mmene gulu la pa yunivesite ya Tsinghua ku Beijing linapangira P25 wa graphene mu 2010, pepala limene ambiri anatsanzira pambuyo pake.

Njira ina yokongola inachokera ku labotale ya Prashant Kamat pa yunivesite ya Notre Dame ku America mu 2008. Anasakaniza GO ndi titanium dioxide mu ethanol n'kuwalitsa UV. Maelekitironi odumpha aja anakalowa mu GO n'kumuchotsa okosijeni, madzi n'kusintha mtundu kuchoka pa wa tiyi kufika pakuda. Munthu amaona ndi maso kuti kabaza uja akunyamuladi.

Kuchuluka kwake ndi kwa mchere wa m'ndiwo. Kawirikawiri zimakoma pa gawo limodzi mpaka magawo 5 pa 100. Mukapyoza, zinthu zimabwerera m'mbuyo. Graphene ndi wakuda, ndipo akachuluka amachita zimene mtengo wa mango umachita pakati pa munda: chimanga cha pansi pake sichibereka.

Majeremusi amafa bwanji?

Pakuwala, imfa yake ndi ija tafotokoza kale. Tizidutswa tolusa timaboola khungu la bakiteriya, zam'kati zimatayika, ndipo kenaka timawononga mapuloteni ndi DNA. Mu 2009, Omid Akhavan ndi Elham Ghaderi ku Tehran anayala GO pamwamba pa titanium dioxide wopakidwa pa galasi, n'kupeza kuti pa dzuwa E. coli ankafa mofulumira kangapo kuposa pa titanium dioxide yekha.

Mumdima nkhani ndi ina, ndipo ofufuza amatchula njira zingapo. M'mphepete mwa kapepala n'mwakuthwa, ndipo kakaima chilili kamacheka khungu ngati lezala. Kafukufuku wa 2013 anaonetsa kuti timapepalati timathanso kukoka mafuta amene amapanga khungulo, n'kulisiya lili zibowo. Timapepala tatikuluko timafunda bakiteriya ngati chitenje, osapezanso chakudya. Pomwe pali zinc oxide kapena copper oxide, pamasungunuka tizitsulo pang'onopang'ono, ndipo timeneti ndi poizoni kwa bakiteriya. Mphamvu ya kopa yopha majeremusi si yachilendo: bungwe loona za chilengedwe ku America linavomereza zitsulo za kopa pa ntchitoyi mu 2008.

Ndiye akatswiri onse amavomerezana kuti GO amapha mabakiteriya?

Ayi, ndipo mkangano wake ndi wophunzitsa kuposa zotsatira zokoma. Mu 2010 ofufuza a ku Shanghai anapanga pepala la GO limene E. coli ankalephera kumerapo. Chaka chotsatira, gulu lina ku Ohio linathira GO mu msuzi wolerera mabakiteriya n'kupeza zosiyana kotheratu: mabakiteriya anamatirira pa timapepala n'kuswana kwambiri kuposa mopanda GO. Mu 2016 gulu la ku Manchester, momwe munalinso Novoselov mwiniwake, linatsuka GO mobwerezabwereza mpaka asidi wotsalira atatheratu, ndipo GO wotsukidwayo sanaphe mabakiteriya, sanawakulitsenso. Apa funso linabuka: kodi mwa ena aja, wakupha anali GO kapena asidi?

Onsewa akhoza kukhala kuti anaona zoona. GO wa labotale ina si wa labotale inzake: kukula kwa timapepala, kuchuluka kwa okosijeni ndi katsukidwe zimasiyana. Malo oyesera nawo amasintha zinthu. M'madzi a mchere pang'ono opanda china, mpeni uja umakhala wosavala. Mu msuzi wa mapuloteni, mapuloteniwo amaukuta, n'kubuntha. Tsono madzi a pachitsime, bala la munthu ndi ngalande ya chipatala zili pafupi ndi msuziwo kuposa madzi oyera a mu labotale.

Ndawerenga pepala lonena kuti utoto 99 peresenti unachoka m'mphindi 60. Ndikhulupirire?

Khulupirirani kuti anaona zimenezo, kenako funsani mafunso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Utoto umene ambiri amayesera ndi wa buluu, methylene blue, chifukwa ndi wotchipa ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Koma utotowu nawo umamwa kuwala, ndipo ukhoza kupereka elekitironi yake kwa ufa n'kudzisuluka wokha. Zikatero, amene wamva kuwala ndi utoto, osati ufa wanu. Bunsho Ohtani wa ku Hokkaido ndi anzake anachenjeza za zimenezi mu 2006, koma mpaka lero mapepala otere akutulukabe. Chachiwiri, graphene amamata utoto ngakhale mumdima, choncho madzi akhoza kuyera utoto usanaphwanyidwe n'komwe, wangosamuka malo. Chachitatu ndi mawu aja tinasunga. Mtundu kuzimiririka sikutanthauza kuti ntchito yafika pamapeto. Utoto ukhoza kuduka pakati n'kusiya zidutswa zosaoneka, zina zoipa kuposa utoto weniweniwo. Pepala labwino limayeza kaboni yense wotsala m'madzi, osati mtundu wokha.

Muonenso kukula kwa chiwiya. Nthawi zambiri ndi mamililita 50 kapena 100 a madzi oyera a mu labotale, pansi pa nyale yamphamvu, akutakasidwa ndi makina. Madzi a m'dambo ali ndi matope otchinga kuwala, timchere ta bicarbonate timene timameza tizidutswa tolusa tija, ndi zoola za masamba zolimbirana malo ndi chimene mukufuna kupha.

Kodi makala wamba sangachite zomwezo?

Funso ili linafunsidwa kale, ndi akatswiri enieni. Mu 2010 gulu la Yi-Jun Xu pa yunivesite ya Fuzhou ku China linayerekeza titanium dioxide wa graphene ndi wosakaniza ndi mitundu ina ya kaboni, ndipo linapeza kuti kagwiridwe kake ka ntchito kwenikweni n'kofanana. Kusakaniza titanium dioxide ndi makala osefera kunayamba graphene asanatchuke. Pamene graphene amapambana ndi pamene walumikizana bwino kwambiri ndi timbewu, osati pongopakizana.

Pali zinanso ziwiri zochepetsa chimwemwe. Mu 2014 labotale ya Kamat yomwe ija inaonetsa kuti tizidutswa tolusa timadyanso rGO mwiniwake pakapita nthawi, pajatu naye ndi kaboni. Ndipo mu 2018 ofufuza a ku Singapore anayeza ufa wochokera ku makampani 60 ogulitsa "graphene", n'kupeza kuti wambiri munali graphene wosakwana magawo 10 pa 100. Wotsalayo anali graphite wosinja.

Zilipo kale pa msika?

Za titanium dioxide yekha zilipo kalekale. Kampani ya Pilkington inayamba kugulitsa magalasi a mawindo odzitsuka okha mu 2001. Tchalitchi cha Jubilee ku Rome, chimene chinatsegulidwa mu 2003, chinamangidwa ndi simenti yokhala ndi ufawu kuti makoma asade msanga. Ku Japan kuli matailosi otere a m'zipatala ndi m'zimbudzi. Ku Almería, kumwera kwa Spain, kuli malo amene akhala zaka zambiri akuyesa kuyeretsa madzi oipa ndi dzuwa m'mapaipi agalasi. Koma zosakaniza graphene ndi oxide zoyeretsera madzi akumwa, kwakukulu zikadali mu labotale.

Chikuvuta n'chiyani kuti zituluke mu labotalemo?

Ufa umagwira bwino ntchito ukamayandama m'madzi, koma mukatha muyenera kuuchotsamo wonse, ndipo sefa ya nsalu singagwire kanthu ka mananomita 21. Ena amawonjezera magnetite kuti akokere ufawo pambali ndi maginito, nzeru yabwino ndithu. Ena amaumata pa galasi kapena pa tailosi, koma ukamatidwa mbali imodzi yabisika ndipo liwiro limatsika. Zinc oxide ali ndi lake vuto: amasungunuka pang'onopang'ono pakuwala ndi m'madzi a asidi, choncho nkhoswe ija imayamba kutha. Onjezanipo mtengo wa GO ndi madzi ambirimbiri a asidi otsala pomutsuka, amene nawonso afuna koyeretsera.

Si zoopsa pa thupi la munthu?

Chimene chimaluma khungu la bakiteriya chikhozanso kuluma maselo athu, choncho funsoli ndi loyenera. Njira yolowera ndi imene imasiyanitsa. Kupuma ufa wa timbewu tating'ono chotere ndiko koopsa kwambiri. Bungwe la IARC, loona za kafukufuku wa khansa pansi pa WHO, linaika titanium dioxide wopumidwa m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Mu 2022 mayiko a European Union analetsa kuthira ufawu m'zakudya, momwe unkalembedwa kuti E171, akatswiri awo atalephera kutsimikiza kuti suwononga DNA. Mu Epulo 2021 boma la Canada linaimitsa mamasiki okhala ndi graphene poopa kuti tizidutswa tingalowe m'mapapo, ndipo patapita miyezi ingapo linalola ena kubwerera pa msika litawaunika.

Za mafuta oteteza ku dzuwa musade nkhawa, ndipo amene amadzola asasiye. Opanga amakuta timbewu take ndi silica kapena alumina dala, kuti titchinge dzuwa popanda kubala tizidutswa tolusa.

Nanga zija zinkayenda pa WhatsApp, zoti mu katemera wa Covid-19 muli graphene oxide?

Bodza. Pa mndandanda wa zopangira katemera aliyense wovomerezeka mulibe graphene oxide.

Mabakiteriya osamva mankhwala angagonje ndi zimenezi?

Chiyembekezo chilipo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mankhwala ngati penisilini amamenya malo amodzi, bakiteriya akasintha malowo wapulumuka. Tizidutswa tolusa timamenya paliponse nthawi imodzi, ndiye kuzemba n'kovuta. Vutolo ndi lalikulu: mu 2019 lokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Africa ya kumwera kwa Sahara ndiyo inakhudzidwa koposa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Komabe izi si zakumwa kapena zobaya. Malo ake ndi pa makoma, pa zogwirira zitseko, pa nsalu zomangira mabala ndi m'madzi otuluka m'zipatala. Ndipo mabakiteriya opirira siliva ndi kopa alipo kale.

Kolera yatipweteka. Kodi ufa umenewu sungatithandize pakhomo?

Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu opitirira 58,000 ku Malawi n'kupha opitirira 1,700, choncho tikumvetsa chifukwa chake funsoli limabwera ndi mtima wonse. Yankho lake n'lakuti ayi, osati lero. Kachilombo ka kolera si kolimba. Kamafa ndi kolorini, kamafa madzi akawira, kamafanso ndi dzuwa lopanda ufa uliwonse. Thirani madzi oyera m'botolo la pulasitiki loonekera mkati, la malita awiri kapena kucheperapo, muligoneke padenga la malata maola 6 kukacha bwino, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Njirayi imatchedwa SODIS, ndipo ku Chikwawa anaiyesapo ndi ndowa zoonekera mkati za malita 20. Madzi akakhala a matope, yambani mwawasefa.

Kolorini ali ndi mwayi wina umene photocatalysis ilibe: amatsalira m'madzi. Mwana akaviika kapu yakuda mu ndowa madzulo, WaterGuard uja akadali pa ntchito. Ufa wa dzuwa, dzuwa likalowa wagona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pamene luso latsopanoli lingadzatithandize ndi pamene kolorini amalephera: utoto wa m'mafakitale, mankhwala opopera mbewu okokoloka ndi mvula, zotsalira za mankhwala a kuchipatala, ndi tizilombo tolimba ngati Cryptosporidium timene kolorini wamba satipha msanga.

Madzi a mjigo wathu ndi amchere. Angasinthe?

Sangasinthe. Njirayi imaphwanya zinthu zolukidwa ndi kaboni. Mchere wa m'mijigo ina ya ku Chigwa cha Shire, fluoride amene amadetsa mano, ndi mtovu ngati uja unatsalira m'dothi la ku Kabwe ku Zambia siziphwanyika. GO amatha kugwira mtovu n'kuuchotsa m'madzi, koma ndiye mwatsala ndi ufa wa poizoni wofuna kotaya. Chromium, chitsulo chinanso cha poizoni, ali ndi nkhani yosiyanako: maelekitironi aja amamutembenuza kuchoka ku mtundu woopsa kwambiri kupita ku wofatsa, wosavuta kuudikha pansi.

Ndiye za ku Kasiya zikugwirizana bwanji ndi zonsezi?

Mgwirizano ulipodi, ndipo ndi wochititsa chidwi. Rutile ndi titanium dioxide wachilengedwe. Graphite ndiye mayi wa graphene. Ziwirizi zapezeka m'dothi limodzi ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kumene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals ikuti ndi nkhokwe yaikulu ya rutile kuposa ina iliyonse yodziwika padziko lapansi. Mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagulamo masheya. Graphite aliponso ku Malingunde, ndipo kutsidya ku Mozambique mgodi wa Balama m'chigawo cha Cabo Delgado unayamba kukumba mu 2017.

Koma chimanga cha m'munda si nsima. Rutile wa m'dothi ndi mchenga wa njere zazikulu, wokhala ndi zitsotso, komanso mwa mitundu ya titanium dioxide, rutile ndi waulesi pa ntchitoyi poyerekeza ndi anatase. Kuti afike pa ufa ngati P25, amayamba wasandutsidwa madzi a titanium tetrachloride ndi mpweya wa kolorini pa moto waukulu, kenako n'kuwotchedwa m'lawi. Mafakitale otero kuno kulibe. Ndiponso msika waukulu wa rutile ndi wa penti, chitsulo cha titanium ndi ndodo zowotcherera, pamene wa graphite ndi wa mabatire ndi njerwa za ng'anjo zosungunulira zitsulo. Zoyeretsera madzi n'kadontho chabe. Amene angakuuzeni kuti mgodi ukatsegulidwa midzi yozungulira idzamwa madzi oyeretsedwa ndi graphene, akukunamizani. Chotheka msanga n'chakuti ophunzira athu atenge graphite wa kwathu konkuno n'kuyesa GO wotuluka mwa iye, chifukwa kukula kwa mamba a graphite kumasintha kukula kwa timapepala.

Ndine wophunzira, labotale yathu ilibe zida zambiri. Ndiyambire pati?

Choyamba, njira ya Hummers musaiyesere kunyumba kapena m'kalasi lopanda chokokera mpweya kunja. Permanganate akakumana ndi asidi waukali amabala mafuta obiriwira amene amaphulika akatentha kupitirira madigiri 55. Pafunika madzi oundana, magalasi a m'maso ndi mphunzitsi pambali panu. Zinc oxide ndi wosavutirapo, ndipo ofufuza a ku iThemba LABS ku Cape Town anamupangapo pogwiritsa ntchito madzi a masamba a cham'mwamba.

Chachiwiri, musapikisane ndi a ku Beijing pa utoto wa buluu. Iwo ali ndi makina oonera maatomu, inu muli ndi dzuwa lenileni ndi madzi enieni, zimene mapepala ambiri alibe. Tungani madzi a mu Mudi, a mu Lilongwe kapena a pachitsime cha kwanu, muwayeze matope ndi asidi musanayambe. Mabotolo akhale asanu: la ufa wanu padzuwa, la ufa wanu mumdima, la madzi okha padzuwa, la titanium dioxide wopanda graphene, ndi la titanium dioxide wosakaniza ndi makala a zitsononkho osinja bwino. Lembani ola ndi mmene kumwamba kunalili. Ufa womwewo muugwiritse ntchito kasanu, muone ngati ukufooka. Mukawerenga mabakiteriya madzulo n'kupeza mbale yowalerera ili mbee, madziwo musataye. Asiyeni mumdima usiku wonse, m'mawa mudzalenso pa mbale ina, chifukwa ena amakhala angokomoka.